Paleis Het Loo ku Apeldoorn, amene munapitako tithandizeni nzeru

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Funso langa lipite kwa inu amene mwakhalitsa kuno ku Netherlands. Mayi anga abwera kudzaonerera graduation ku Wageningen ndipo akhalako kaye mpaka kumapeto kwa mwezi, nde ndimafuna ndiwatengere kumalo ena osati Amsterdam yokhayokha, kuja njinga ndi chigulu cha anthu zinawazunguza mutu. Mnzanga wina wanditchulira nyumba yachifumu ya ku Apeldoorn ija, Het Loo. Kodi ndi malo oti munthu wamkulu angakasangalale? Mawondo awo amavutirako, sayenda kamtunda osapumira. Koma pa nkhani ya maluwa nde musanene, pakhomo pathu chilichonse chomera anadzala ndi iwo.

Ankolo Mbewe: Pita nawo mwana wanga, usachite kufunsa kawiri. Ngati mayiwo ndi okonda maluwa akakuthokoza mpaka pa eyapoti. Kungoti Lolemba nthawi zambiri amatseka nde uyang'ane kaye tsikulo, ndipo matikiti ugulire pa intaneti usananyamuke. Za mabasi ndi sitima funsa 9292, webusaiti ya maulendo ija, ukafika pa siteshoni ya Apeldoorn pali basi yopita komweko, si patali.

Mai a Fatsani: Eeh achemwali pitani ndithu. Ife tinapita ndi ana, iwowa anakakamira ku Juniorpaleis, mbali imene anakonzera ana, kuwachotsako inali ntchito. Za mawondozo, mkati muli ma lift chikonzereni nyumbayo, koma kuchoka polowera kukafika pa nyumba yeniyeniyo pali kamtunda ndithu, komanso tinjira ta m'munda ndi ta timiyala. Avale nsapato zafulati. Mabenchi alipo, muziyenda pang'ono nkukhala, pang'ono nkukhala, musawathamangitse.

Nachisale: Zikomo amayi. Nanga tiyambe mkati kapena panja?

Ankolo Mbewe: Panja, mphamvu zikadalipo. Zipinda za mafumu ndi zokongola inde koma ukaona zisanu zisanu ndi chimodzi maso amatopa, makatani olemera, zithunzi za azungu ovala mawigi, mabedi ataliatali. Mundawo ndi umene suiwalika. Ukatulukira kuseri kwa nyumba umapezeka uli pamwamba, munda uli m'munsi ngati anachita kuukumba, mbali zonse kuli mitumbira yoti uziyendapo nkumaona pansi. Ukaima pamenepo mpamene umaona kuti za kumanja ndi za kumanzere nzofanana ndendende, timipanda tobiriwira todulidwa mofupika topindikapindika, pakati pake timiyala tamitundu ndi maluwa. Ukatsika nkuyenda mommo zojambulazo sizionekanso bwino, anazipangira munthu woyang'ana ali pamwamba.

Tiya wa ku Delft: Ankolo mwaiwala madzi!! Ine chimene chinandigwira mtima ndi madzi basi, mwina poti ndi zimene ndikuphunzira. Kumtunda kwa munda kuli fountain imene amati Koningssprong, imaponya madzi mamita 13 m'mwamba. Nde taganizani, zaka za m'ma 1690, kulibe magetsi, kulibe injini, madziwo ankakwera okha. Chinsinsi chake ndi malowo. Apeldoorn ili m'munsi mwa zitunda za Veluwe, nde anthu ankakumba m'mbali mwa zitunda mpaka kupeza madzi apansi, nkuwatsogolera m'ngalande ndi m'mapaipi kutsetsereka nawo makilomita angapo. Poti kochokera madzi nkokwera kuposa kotulukira, akafika kumunsi amathuvuka okha ndi mphamvu. Amene munakulira ku Mulanje mukudziwa mipopi ija yotenga madzi m'phiri popanda pampu, nzeru yake ndi yomweyo. Ngalande zokumba zomwezo ndi zimene zinkayendetsanso zigayo zopangira mapepala ku Veluwe konseko, kenako malo ochapira zovala ku Apeldoorn.

Tiya wa ku Delft: Komanso apa panali kupikisana. Louis XIV wa ku France anali ndi Versailles, yaikulu kutalitali kuposa Het Loo, koma madzi ankamuvuta, anachita kumangitsa chimakina cha mawilo 14 pa mtsinje wa Seine ku Marly, komabe ma fountain onse samatha kuyenda nthawi imodzi, antchito ankatsegula mbali imene mfumu ikudutsa nkutseka kumene yachoka. Pomwe kwa Willem madzi ankangoyenda, ozizira, oyera. Ndipo awiriwa anali pa udani weniweni, Louis analowa ndi nkhondo dziko lino mu 1672, chaka chomwe Willem anapatsidwa utsogoleri ali ndi zaka 21.

Nachisale: Dikirani kaye achimwene, Willem wake uti? Poti kuno aliyense ndi Willem, ine ndimasokonezeka.

Gama (Leeds): Willem III wa banja la Oranje, amene kuno ku UK amamutchula William of Orange. Kwanuko sanali mfumu ayi, udindo wake unali stadhouder, nthawi imeneyo dzikolo linali ripabuliki. Anagula malowo mu 1684 chifukwa chokonda ulenje, panali kale kanyumba kakale kozunguliridwa ndi madzi, Het Oude Loo, kakadalipo mpaka pano. Nyumba yatsopanoyo inatha cha mu 1686. Mkazi wake anali Mary, mwana wa James II mfumu ya England, anakwatirana mu 1677 mtsikanayo ali ndi zaka 15, ndipo anali pachibale, bambo ake a Mary ndi mayi ake a Willem anali a bere limodzi. Mu 1688 Willem anaoloka nyanja ndi asilikali, apongozi ake nkuthawira ku France, 1689 awiriwo nkuvekedwa ufumu wa England limodzi. Apo mpamene Het Loo anaikuza poti tsopano inali nyumba ya mfumu.

Mai a Fatsani: Ine nkhani ya Mary imandimvetsa chisoni. Mbali ina ya nyumba kuli munda wake, Koninginnetuin, uli ndi kanjira kofoleredwa ndi mitengo yopindidwa pamwamba, ukalowamo muli mthunzi wokhawokha, mwinamwina anasiya timawindo m'masambamo toti uzisuzumira panja. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali ana akuthamanga. Chapansi pa nyumba pali kakhitchini kake komata matailosi oyera ndi abuluu a ku Delft, mmene ankapangira jamu wa zipatso za m'mundamo, pafupi pomwepo kachipinda kokongoletsedwa ndi zigoba za nkhono za m'nyanja. Umachita kuona kuti munthuyu malowa ankawakonda. Koma chichokereni kupita ku England mu 1689 sanabwererenso, anamwalira ndi nthomba mu 1694 ali ndi zaka 32, opanda mwana. Zimene anawonjezera pambuyo pakezo sanazione nkomwe. Mayi anu mukawaonetse kakhitchini kameneko achemwali, musakadumphe.

Gama (Leeds): Nayenso Willem anamwalira 1702 atagwa pa hatchi ku Hampton Court kuno, akuti hatchiyo inapunthwa pa kachulu ka mfuko. Koma abale ndifunseko chinthu, ndisakukhumudwitseni. Ine ndinamva kuti munda mukuutamawu si wa Willem ayi, ndi wa 1984. Nde munthu ulipire ndalama, uvutitse mayi okalamba pa timiyala, kukaona chinthu chongoyerekeza? Bwanji osapita ku nyumba zina zoti zinthu zake sizinasinthidwe.

Ankolo Mbewe: Zoti unatsegulidwa 1984 nzoona a Gama. Koma mawu oti chongoyerekeza mwalemera nawo.

aZulu: Ndilowepo apa poti za mitengo ndi nthaka ndiye ntchito yanga. A Gama, munda uliwonse ndi wobwereza. Duwa limene Mary ananunkhiza linafota chaka chomwecho, ngakhale pakanapanda wosokoneza palibe chitsamba cha 1690 chikanakhala chili chomwecho lero. Chimene chimakhalitsa pa munda ndi mizere yake, miyezo yake, njira ya madzi ndi mitundu ya zomera. Nde chimene chinachitika nchakuti nthawi ya Napoleon, mng'ono wake Louis anaikidwa kukhala mfumu ya Holland kuyambira 1806 mpaka 1810, iyeyo anakwirira munda wonse ndi dothi nkupanga paki ya kapinga ndi mitengo yomera mwachisawawa monga ankakondera masiku amenewo, nyumbanso nkuimata pulasitala, njerwa zofiira zija osaonekanso. Kukwirira kuja ndi kumene kunasunga zinthu. Atayamba kufukula m'zaka za m'ma 1970 anapeza maziko a ma fountain, masitepe ndi ngalande zili m'malo mwake pansi pa mchenga. Analinso ndi zithunzi zosindikizidwa za nthawi ya Willem, kuphatikiza zimene analemba dokotala wake Walter Harris mu 1699, munthu amene anayenda m'mundamo nkulongosola mbali ndi mbali. Nde sanalote ayi, anatsata mapazi.

aZulu: Ndipo ntchito yake siitha. Timipanda tija poyamba tinali ta kachitsamba kotchedwa buxus, kenako kunabwera matenda a chiwawu amene anawononga buxus ku Ulaya konse, masamba kuyoyoka mpanda nkutsala mbee. Anazula nkudzala Ilex crenata, kamtengo kochokera ku Japan ka masamba ang'onoang'ono kofanana nako. Ine ndinagwada pansi nkugwira masambawo, mukapanda kuuzidwa simungasiyanitse. Ndinaonanso bambo wina wa m'mundamo akudulira, atakoka chingwe mbali iyi ndi iyo kuti msinkhu ufanane, akadula pang'ono nkubwerera m'mbuyo kuyang'ana, nkudulanso. Maluwanso samangothithikiza ayi, amadzala patalipatali, lililonse lionekere palokha dothi likuoneka pakati, poti masiku amenewo duwa limodzi lachilendo linali chuma, mwini wake ankafuna mlendo alione bwinobwino.

Gama (Leeds): Apo nde mwandigonjetsa pang'ono a Zulu. Komabe paki imene anaichotsayo inakhalapo zaka zoposa 150, mafumu angapo anakulira momwemo, nayonso inali mbiri. Anasankha mbiri imodzi nkufafaniza inzake.

Ankolo Mbewe: Zimenezo ngakhale eni dziko anakangana nazo nthawi imeneyo, simuli nokha. Koma sanachotse zonse, kumtunda kwa munda anasiyako mitengo ina ikuluikulu ya paki yakaleyo, ukafika umaiona yaima mosatsata mzere uliwonse. Ndipo kuseri kwa mpanda paki ndi nkhalango zikupitirira, Kroondomein, malo achifumu a mahekitala oposa 10,000, muli agwape ndi nguluwe.

Nangondo: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma mtima wakana. Tonse tikuyamikira madzi, maluwa, matailosi, palibe amene wafunsa kuti ndalama zomangira zonsezi zinachokera kuti. Zaka zomwe Willem ankadulira mitengo yakezo, zombo za kampani ya Adatchi ya West India Company zinali kunyamula anthu akuda kuchokera ku Elmina kupita ku Suriname ndi Curaçao. Kampani yawo ina ya malonda, VOC, inali ku Cape kuyambira 1652, akapolo ake ena ochokera ku Madagascar, pambuyo pake ku Mozambique, pafupi ndi kwathu penipeni. Mu 2023 kafukufuku amene boma lenilenilo linalamula anapeza kuti Willem III, IV ndi V anapindula ndi maiko atsamunda ndalama zofanana ndi mayuro 545 miliyoni a lero, pakati pa 1675 ndi 1770. Ku England nako kunapezeka chikalata choonetsa kuti mu 1689 Edward Colston, yemwe uja chiboliboli chake anthu anachiponya m'madzi ku Bristol mu 2020, anapereka kwa Willem masheya a £1,000 a Royal African Company, kampani yogulitsa akapolo. Ine sindikuti musapite. Koma zimandiwawa tikamajambulitsa tikumwetulira pakhomo pa anthu amenewa ngati sitikudziwa.

Tiya wa ku Delft: Achemwali apa palibe chotsutsa. Ine ndinatengeka ndi mapaipi osaganizako mbali imeneyi tsiku limenelo.

Mai a Fatsani: Koma mfumu inapepesa paja eti?

Nangondo: Inapepesa inde, Willem-Alexander pa 1 July 2023 ku Amsterdam, pa mwambo wa Keti Koti wokumbukira kutha kwa ukapolo, ndipo a Rutte, nduna yaikulu panthawiyo, anali atapepesa kale m'dzina la boma mu December 2022. Sindikuchepetsa zimenezo, anzathu a ku Suriname ena analira tsiku limenelo. Koma kupepesa kunabwera patatha zaka 160 chithetsereni ukapolo pa lamulo mu 1863, ndipo ngakhale pamenepo anthu ku Suriname anawakakamiza kugwirabe m'minda zaka zina 10, amene analandira chipukuta misozi anali eni akapolo osati akapolowo.

Ankolo Mbewe: Mwana wanga Nangondo wayankhula zoona ndipo ndakondwa kuti wazinena pano, ana athu obadwira kuno amve. Maganizo anga ine ndi awa. Kusapita sikubweza kanthu kwa munthu aliyense. Ine ndimapita, ndipo ndikaima pamtumbira paja ndimaona zonse ziwiri, luso ndi mtengo wake. Ndimaganizanso za amene anakumba ngalande zija ndi mafosholo, amene ankanyamula mitengo ya malalanje m'mabokosi kulowetsa m'nyumba chisanu chikayamba nkuitulutsanso kukafunda, maina awo palibe pakhoma paliponse. Ngakhale amene anajambula zokongoletsa zambiri mkatimo, Daniel Marot, anali wothawa kwawo, Mpulotesitanti amene anachoka ku France Louis XIV ataletsa chipembedzo chawo mu 1685. Nyumba imeneyi ili ndi nkhani zambiri kuposa za mafumu okha. Chofunika nkupita maso ali otsegula, ndipo ana ukawatenga uwauze zonse, osabisa.

Nangondo: Pamenepo tagwirizana ankolo. Bola kuwauza.

Nachisale: Ine mayi ndikawauza zonsezi, iwo ndi munthu wa Mvano, nkhani zoterezi amazimvetsera mofatsa ndipo adzafunsa mafunso ambiri kuposa ine. Nanga mkatimo tikaone ziti poti sitingathe zonse?

Mai a Fatsani: Kwa munthu wamkulu ine ndingati zipinda za Wilhelmina. Za Willem ndi Mary nzaulemerero koma ndi zamdima, za Wilhelmina umamva kuti munkakhala munthu, desiki yake, zithunzi za banja, ankajambulanso yekha ndi penti. Mayi ameneyu bambo ake anamwalirira m'nyumba yomweyi mu 1890 iye ali ndi zaka 10, analumbira ufumu 1898 atakwanitsa 18, nthawi ya nkhondo ya Hitler anali ku London nkumalankhula ndi anthu ake pa wailesi. Atatula pansi udindo mu 1948 nkusiyira mwana wake Juliana, anabwerera ku Het Loo nkukhala moyo wachete mpaka kumwalira momwemo pa 28 November 1962. Maliro ake anali oyera, ngolo yoyera, mahatchi ofundikidwa zoyera, anachita kupempha yekha chifukwa cha chikhulupiriro chake choti imfa ndi polowera moyo wina. Mayi a Mvano imeneyo ikawakhudza ndithu.

Ankolo Mbewe: Ndipo omaliza kukhalamo anali Prinses Margriet ndi banja lake mpaka 1975, kenako ntchito yokonza ija nkuyamba. Ku makola a mahatchi kufupi ndi polowera kuli ngolo zachifumu, magalimoto akale ndi zoyendera pa chipale, pamenepo mpafulati, mayi sakavutika.

Tiya wa ku Delft: Musadabwenso polowera. Anatseka nyumbayo mu 2018, nkuchotsa asbestos yambiri, kenako anakumba pansi pa bwalo lakutsogolo nkumanga malo atsopano okwana masikweya mita 5,000, anatsegula mu April 2023, ntchito yonse inadya mayuro 171 miliyoni. Ukaima pabwalo suona kanthu koma madzi osaya, koma pansi pa madziwo pali galasi, nde ukatsikira pansi kuwala kumalowa kudzera m'madzimo nkumavina pakhoma. Mayi akatopa akhale pamenepo kaye.

Nangondo: Mayuro 171 miliyoni. Eeh.

Gama (Leeds): Ndalama nzambiri zoona. Koma mwandikopa, ndikadzabwera ku tchuthi mudzanditengereko, ndikufuna ndifananitse ndi Privy Garden ya ku Hampton Court imene nayonso anaibwezeretsa mmene inalili nthawi ya Willem yemweyo, anaitsegula 1995.

Nachisale: A Zulu funso lomaliza, mayi akufunsa ndili nawo pompano, akuti malalanjewo amabereka kuzizira konseku? Ndipo akuti kodi mbewu za maluwa amagulitsa?

aZulu: Apatseni moni mayi. Auzeni kuti amabereka ndithu koma ambiri ndi aja owawa, si okoma kudya, ankawasungira fungo la maluwa ake komanso poti ndi chizindikiro cha banja la Oranje. Sali m'nthaka, ali m'mabokosi amatabwa, amakhala panja miyezi yofunda yokha, cha mu May mpaka chisanu chikayandikira, kenako amawalowetsa. Ma fountain nawo amayenda kuyambira April mpaka October, nde mwezi uno zonse muzipeza. Za mbewu, kaya muzipeze komweko kaya kumashopu a maluwa, musangoziponya m'chikwama ayi, zomera ndi mbewu polowa nazo ku Malawi pamafunika chilolezo ndi satifiketi yoonetsa kuti zilibe matenda, apo ayi akazilanda pa eyapoti. Komanso tulip kwathu savuta kudzala koma kuti aphukenso chaka chotsatira amafuna kuzizira kwa miyezi, nde asataye ndalama pa ameneyo. Ajambule mizere ya timipanda tija pa foni, imeneyo nde angakaipange pakhomo ndi zitsamba zakwathu zomwe, chingwe ndi sizasi basi.